Lamba wa Chigayo cha Amalume Lufeyo

Anzanga, pali bodza lina limene silituluka m'kamwa mwako, amakunenera ndi anthu ena, iwe n'kungokhala chete uku ukumwetulira. Langa linali lotero. Zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi m'thumba, ine ndinagwirako ntchito zaka ziwiri pa galaja ina ku Lilongwe. Ntchito yanga inali kumata machubu, kutsuka zitsulo m'palafini, ndi kuthamanga wamkulu akati sipanala. M'kati mwa injini ndinkaonamo ena akatsegula kale. Koma nditapita ku Maganga kukafunsira Esinati, akwawo atafunsa kuti mnyamatayu amatani, Esinati anangoti, "Amagwira ku galaja." Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa Anaphiri akukwatiwa ndi makaniko wa ku Lilongwe. Inu mukanakana? Ine sindinakane.

Ndinakhala pachikamwini chaka chathunthu ndikuudya ulemuwo bwinobwino, chifukwa ku Maganga kunalibe injini yoti indiyalutse. Ankandibweretsera njinga, matochi, tsiku lina wailesi yomwe ndinangoigogoda pambali n'kuyamba kulankhula, mbiri yanga n'kufika mpaka kunyanja. Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinkadziwa maganizo ake, apongozi anga Anaphiri. Anali mayi wofatsa, wamasiye, ankakhala pakhonde tsiku lonse akupalasa makina awo osokera, mayunifomu a ana asukulu ndi madiresi a ukwati. Mwa mwambo, ine ndi iwo sitinkalankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'chinangwa, iwo n'kuyang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ngakhale ine nditakhala pomwepo ndikumva zonse.

Tsono kunabwera a Lufeyo, mlongo wawo wa apongozi, amalume ake a Esinati. Anali atagwira zaka zambiri ku migodi ya ku Joni, anabwerako ndi chifuwa, chipewa chachikulu ndi maganizo amodzi, kugula chigayo. Nthawi imeneyo amayi ankasinja pamtondo kapena kusenza chimanga mpaka ku Salima, ndiye nkhani ya chigayo inali pakamwa pa aliyense. Lachitatu lina lole inatsitsa katundu pakhomo: injini ya dizilo yobiriwira, chigayo chake, ndi lamba wakuda wamtali wopindidwa, akununkha sitolo. Dalaivala ananena kuti makaniko wa ogulitsawo adzabwera Lolemba kudzamanga zonse. Apa amalume anavula chipewa n'kukhala pansi, chifukwa iwo anali ataitana kale a tcheyamani a chipani a dera lathu kuti adzatsegule chigayo Loweruka, ndipo masiku amenewo a tcheyamani sunkawauza kuti bwerani tsiku lina.

"Nanga titani, a Mbewe?" anandifunsa.

Pakamwa panga panatseguka pokha. "Amalume, makaniko wa Lolemba ngwachiyani pamene muli ndi makaniko m'nyumba?"

Esinati anandiyang'ana. Iye ankadziwa za machubu zija. Anangonyamula ndowa n'kupita kudambo, ndowa yomwe inali yodzaza kale.

Lachinayi ndi Lachisanu tinamanga. Kwa amene simunalowemo m'chigayo cha kale, nkhani yake ndi yachidule. Injini ili uku ndi gudumu lake, chigayo chili uko ndi gudumu lake, lamba amazungulira magudumu awiriwo. Pakati pa injini ndi gudumu lake pali kilachi ya ndodo, ukaikoka ndodoyo gudumu limayamba kuzungulira. Tinaika injini pa mitanda iwiri, amuna asanu ndi mmodzi akubuula, ine nditaima chapatali manja m'chiuno, "Kankhani pang'ono, basi, bwezani pang'ono." Amalume anandipatsa buku lachizungu lomwe linabwera ndi injini, ndinalitsegula pakati n'kulitseka, ndinati amenewa ndi mabuku a ongoyamba kumene. Kenako ndinagwada kumbuyo kwa gudumu, ndinatsinzina diso limodzi monga amachitira amisiri a matabwa, ndinakhala choncho kanthawi kuti onse aone, n'kulengeza kuti zawongoka. Tinamanga mabawuti.

Loweruka ndinavala buluku langa la paukwati, la tereleni lotuwa, mzere wake wakuthwa woti n'kudulira papaya. Khadi la chipani ndinaliika m'thumba lakumanja. Pofika pachigayo ndinapeza madengu atandandalika kuchokera pakhomo mpaka pamtengo wa mango, amayi a ku Maganga, ena ochokera kunyanja ku Senga Bay atayenda ulendo wonsewo ndi mphale pamutu. A tcheyamani ankayembekezeka dzuwa likafika paliwombo, ndiye tinati tiyeseko kaye.

Amalume anapukusa handulo, injini inatsokomola kawiri, n'kuyamba du du du, utsi wakuda tolo. Amayi analulutira. Ine ndinakoka kilachi ndi zala ziwiri, mwaulemerero. Lamba anayamba kuyenda, koma akulira, tswii tswii, ndipo ndikuyang'ana ndinamuona akusendera kumphepete kwa gudumu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuzemba pamaliro asanakwirire. Anasendera, anasendera, kenako phwa pansi.

"Palibe vuto," ndinatero. "Lamba watsopano amakhala waulesi. Wakhwepa."

Ndinamasula mabawuti, ndinatenga chitsulo chija timakumbira maenje, n'kukankhira injini m'mbuyo kuti lamba akungike. Koma ndinakankha mbali imodzi yokha, kumene ndinaimako, chifukwa mbali inayo inali kukhoma ndipo kulowako kukanandidetsera tereleni. Tinaliza kachiwiri. Ulendo uno lamba sanazembe n'komwe, anangodumpha ngati waponda moto.

Ndinakumbukira kuti ku galaja kuja ndinaonapo wamkulu wathu akupaka sopo pa kalamba ka galimoto kamene kankalira, kulira n'kutha. Ndinatuma Esinati kukatenga sopo wochapira, ndinapaka lamba yense, m'kati ndi kunja, mosaumira. Kulira kunathadi. Gudumu la injini linkazungulira lokha m'kati mwa lamba, lambayo ali phee ngati sizikumukhudza, m'chigayo monse mukununkha mphira wopserera ndi zochapa. Amayi a pamzere anayamba kukhala pa madengu awo.

Ndi pamene Esinati anabwera n'kugwada pafupi nane. Apongozi anali atakhala pamphasa pafupi ndi khomo, nkhope ataloza kunja.

"Abambo a Tereza, amayi akuti ndikuuzeni kuti magudumuwo sakuyang'anana. Akuti makina awo akatero chingwe chimagwa chonchi."

Anzanga, Mulungu amatumiza thandizo, koma nthawi zina amalitumiza pa khomo limene iwe walitseka ndi mpiringidzo. Panali amuna ambiri akumvetsera. Ndinapukuta manja pa kansanza, n'kuyankha mokweza kuti afike mawuwo pamphasa, "Uwauze amayi kuti zikomo kwambiri, koma iyi ndi injini, si makina osokera madiresi."

Amuna anaseka, ine n'kumva kukoma. Apongozi anauza khoma kuti, "Chabwino," n'kupitiriza kuyang'ana kunja.

Tsono nzeru zinandibwerera motere: ngati lamba akuterera, mankhwala ake ndi chinthu chomata. Amalume anali ndi botolo la uchi lomwe ankanyambita chifukwa cha chifuwa chawo chija. Anakanakana, koma ndinawauza kuti ku Lilongwe timatero, analipereka. Ndinathira uchi pa lamba, ndinaupaka ndi manja onse awiri. Ndipo kunena zoona unagwira. Chigayo chinazungulira, chinafuula bwino lomwe, kwa nthawi yokwana kuimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi. Chimene sindinaganize n'chakuti lamba wothamanga amawaza. Uchi unafika pakhoma, padenga, pa chipewa cha amalume, pa nkhope za ana amene ankasuzumira pazenera, iwo n'kumanyambita mosangalala. Kenako lamba anayambanso kusendera kuja, phwa.

Njuchi sizinachedwe. Zinayamba ziwiri, zinapita kukauza zinzake. Tinayatsa masanza kuti utsi uzithamangitse, koma imodzi inali itawapeza kale amalume pa mlomo wam'mwamba, mlomo n'kutupa ngati bondo, moti tsiku lonselo ankalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

"A Mbewe," anatero movutika, "dzuwa likukwera."

Chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira bwino ku galaja n'chakuti makaniko akasowa chonena amati kilachi. Mwini galimoto sadziwa kuti kilachi imaoneka bwanji, amangogwedeza mutu. Ndiye ndinaika khutu pafupi ndi injini yozima, ndinagogoda ndi sipanala, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Amalume, akugulitsani kilachi yokhota. Ikukankhira gudumu kumbali. Mwayi wanu ndi woti ndilipo."

Kilachi yatsopano, penti wake asanakandike n'komwe, ine n'kuikhalira pansi ndi sipanala. Mabawuti oyamba anamasuka mwaulemu. Lomaliza nditangolipotokola, chivundikiro chinandikankha m'manja, ndipo ndinamva tswi tswi tswi kudutsa m'makutu. Munali masipuling'i asanu ndi imodzi m'menemo, opanikizidwa, akudikira chitsiru choti chiwamasule. Awiri anagunda denga, imodzi inalowa pansi pa mitanda, atatu anatulukira pakhomo n'kukamira m'madengu a anthu.

Mayi wina wa ku Senga Bay, Abiti Yusufu, mkazi wa msodzi, wamtali, wa mpango woyera, anayang'ana m'dengu mwake, anayang'ana ine.

"Bambo, ine ndabwera ndi chimanga. Zitsulo sindinaitanitse."

Tangoganizani, amayi amene anabwera kudzapuma ku mtondo, tsopano ali pabwalo ndi malichero, akupeta chimanga dengu ndi dengu kufunafuna masipuling'i a makaniko wa ku Lilongwe. Anawapeza onse atatu, Mulungu awadalitse, enawo ndinawatola m'chigayo. Ndinayamba kubwezera. Yoyamba inalowa, yachiwiri inalowa, mpaka asanu, thukuta likutsikira m'maso, manja akumata uchi. Yotsalayo inakana. Ndikaikanikiza uku inkatulukira uko, ndikaigwira ndi chala inkandiluma. Ndili pakati polimbana nayo ndinamva nyimbo kumsewu, amayi a chipani akuimba, a tcheyamani afika. Ndinayang'ana kumanzere, ndinayang'ana kumanja, aliyense maso anali kumsewu. Ndinatseka chivundikiro, ndinamanga mabawuti, sipuling'i ija n'kuiponya m'thumba lakumanja. Mumtima ndinati asanu ndi ambiri, ngakhale dzanja lili ndi zala zisanu ndipo limagwira.

A tcheyamani anali munthu wamfupi, wa jekete lakuda pa dzuwa la Salima, baji pachifuwa. Anayamba n'kuona makhadi pakhomo, wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake. Langa ndinangolisuzumitsa pathumba, anagwedeza mutu. Kenako analankhula za chitukuko nthawi yaitali, mpaka ana anagona kumsana, ndipo pakati pa mawu awo anandiloza ine, kuti onani achinyamata amene aphunzira ntchito za manja m'tauni n'kubwera nazo kumudzi. Anthu anaomba m'manja. Abiti Yusufu sanaombe.

Pamene iwo ankalankhula, ine ndinali nditapeza nzeru yomaliza. Popeza lamba ankathawira mbali imodzi nthawi zonse, ndinati ndiimirire pomwepo ndi kathabwa, ndikatsamiritse pantchafu, kazimubweza akafuna kusendera. Anthu adzaganiza kuti makaniko akuyang'anira ntchito yake. Ndinapempha amalume kuti ulemu wokoka kilachi ukhale wawo, monga eni chigayo. Anthu anadzaza m'kati, a tcheyamani kutsogolo ndi mbale ya chimanga choyamba, apongozi pamphasa yawo paja.

Injini inalira. Amalume anakoka ndodo. Kilachi ya masipuling'i asanu sinagwire pang'onopang'ono monga poyamba, inangoti gwi kamodzi, injini yonse n'kunjanja. Lamba anakwapula kathabwa kanga n'kukaponya kudenga, iye n'kudumpha pagudumu. Tsono lamba wa chigayo amalumikizidwa ndi mano achitsulo. Manowo anandikola pachiuno, pamwamba penipeni pa thumba, ndinangomva kwaa, mabatani akuuluka, ine n'kuzungulira kamodzi ngati nguli n'kugwa chafufumimba. Pamene ndinkadzutsa mutu, tereleni wanga wa paukwati anali akukwawa pansi kumbuyo kwa lamba, n'kukaima pa nsapato za a tcheyamani.

Mukuganiza kuti ndinaganiza za maliseche? Ayi. Chimene chinandibwerera m'mutu ndi sipuling'i. Ndinati ikangogubuduka kutuluka m'thumbamo, amalume adziwa zonse. Ndinakwawa ndi mawondo mofulumira, ndinagwera pa buluku lija, ndinapisa dzanja m'thumba n'kufumbata zonse zimene zinalimo. Ndipo ndinatero nditawerama, mutu kwa a tcheyamani, kumbuyo kwanga kutaloza mudzi wonse wa Maganga.

Apa ndiyenera kuulula chinthu china. Masiku amenewo kabudula wam'kati wa m'sitolo anali wa anthu olemera. Wanga anandisokera Esinati pa makina a amayi ake, ndi nsalu ya thumba la ufa wa buledi, nsalu yolimba, yosatha msanga. Anaichapa kangapo koma zilembo zofiira zija sizinachoke, ndipo podula nsalu sanaganize kuti zigwera pati, poti ndani akanaziona? Amalume anazimitsa injini, m'chigayo munangoti zii. M'kati mwa bata limenelo ndinamva mawu a mayi wina amene anapitako kusukulu ya kwacha, akuwerenga pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira.

"Fi-fi-te. Ke. Ji."

Abiti Yusufu anayankha modekha, "Awonjezera. Sangafike ameneyu."

Chiseko chinaphulika, koma chinadukira panjira, chifukwa a tcheyamani anakweza dzanja. Anali akuyang'ana chibakera changa, pomwe ngodya ya khadi inkasuzumira pakati pa zala.

"Musaseke," anatero. "Mwaona chimene wachita mnyamatayu? Buluku lapita, ulemu wapita, mwendo ukanapita, koma iye chinthu choyamba kuthamangira ndi khadi la chipani. Ena a inu mumaliiwala kudenga mpaka chiswe kulidya. Imirirani, bambo. Kwerani pamgolo apa, anthu akuoneni."

Ndikanatani? Ndinakwera pa mgolo wa dizilo, malaya oyera kumtunda, thumba la ufa kumunsi. Ndinayesa kutembenukira kukhoma koma ndinazindikira kuti kutero ndiye kuwapatsanso zowerenga. Esinati anali ataphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka, mpaka lero amati ankalira.

"Kwezani dzanja," anatero a tcheyamani. "Tambasulani, aone onse."

Ndinatambasula. Khadi linali pachikhatho, litamatirira ndi uchi. Ndipo pakhadipo, pamwamba penipeni pa nkhope ija ya mtsogoleri wa dziko inkakhala pa makhadi, panali patamatirira sipuling'i yakuda ndi girisi, ikugwedezeka pang'ono.

Anzanga, inu amene munabadwa pambuyo pake simungamvetse bata limene linagwa pamenepo. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, ndipo ena sitinawaonenso. Nkhope ya a tcheyamani inasintha. Anayandikira, anayang'anitsitsa.

"Ichi n'chiyani mwaika pa khadi?"

 Ndinamva njuchi imodzi ikuzungulira mwendo wanga ndipo sindinaithamangitse. Palibe amene anatsokomola.

Ndi pamene apongozi anga anadzuka pamphasa. Anayenda pakati pa anthu osafulumira, anamasula chitenje chawo chapamwamba, anaima patsogolo pa mgolo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo anandiyang'ana m'maso n'kundilankhula ine mwini.

"Valani, bambo. Tawerenga tonse."

Amene anayamba kuseka anali a tcheyamani omwewo. Anayesa kuchigwira chisekocho ndi dzanja koma chinatulukira m'mphuno, ndipo anthu ataona kuti akuluakulu aseka, denga linatsala pang'ono kusasuka. Apongozi sanaseke. Anatenga khadi m'dzanja langa, anachotsa sipuling'i, anapukuta khadilo mosamala ndi nsonga ya mpango wawo mpaka linayera, anagwada n'kulipereka kwa a tcheyamani ndi manja awiri.

"Khadi lili bwino, a tcheyamani. Wodwala ndi makaniko."

A tcheyamani analitembenuza uku ndi uku, akupukuta misozi, n'kundibwezera. Ndinatsika pamgolo nditamanga chitenje cha maluwa achikasu m'chiuno. Amalume anali atatola sipuling'i ija, akuiyang'ana ndi mlomo wawo wotupa.

"A Mbewe, iyi njakuti?"

"Ndi yapadera, amalume. Amaikamo imodzi yosungira."

"Ndiye mumaisungira m'thumba mwanu?"

Apongozi sanadikire kuti ndipeze bodza lina. Anamasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo, anatulutsa kampukutu ka ulusi wakuda, anandipatsa nsonga imodzi.

"Gwirani apa, pamphepete pa gudumu la chigayo. Musatsinzine diso, onse awiri agwire ntchito."

Anakoka ulusi mpaka pa gudumu la injini. Kutsogolo kwa gudumulo ulusi unakhudza, kumbuyo kwake kunatsala mpata wolowa zala zanga zitatu. Ngakhale mwana akanaona.

"Mwaona? Ili likuyang'ana ku Salima, ilo likuyang'ana kunyanja. Lamba atsatire liti?"

Tinamasula mabawuti. Ulendo uno ndinalowa kukhoma kuja ndinkakuopa, poti chitenje sichinali ndi mzere woti ndiusamale, ndinakankha ndi chitsulo, apongozi akuyang'ana ulusi. "Pang'ono. Pang'ononso. Mwapitirira, bwezani. Basi." Amayi anatsuka lamba ndi madzi otentha ndi phulusa kuchotsa sopo ndi uchi wanga, anamuyanika padzuwa kanthawi, tinamubwezera. Amalume anapukusa handulo, anakoka ndodo, aliyense ataima kutali, ine kutali kuposa onse. Kilachi inanjenjemera ngati ya malungo, koma lamba anakhala pakati pa magudumu, osalira, osasendera, ngati anabadwira pomwepo. A tcheyamani anathira mbale yawo, ufa unatuluka woyera, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. M'mawu awo otsekera anayamikira amayi a dziko lino chifukwa cha nzeru zawo pa chitukuko, za achinyamata ochokera m'tauni sanazitchulenso.

Ndinabwerera kunyumba dzuwa litapendeka koma kudakali kowala, m'chitenje, buluku nditalikoleka paphewa, ndipo njira ya ku Maganga siinatalikepo ngati tsiku limenelo. Esinati ankayenda kumbuyo kwanga, akangoti alankhule chiseko n'kumutsamwitsa. Pafupi ndi nyumba ndi pamene anakwanitsa kunena kuti, "Ndikanadziwa ndikanaika zilembozo m'kati."

Lolemba makaniko weniweni anabwera pa njinga yamoto, bambo wachikulire wa ovolosi yabuluu. Anayang'ana lamba, anatulutsa chingwe chake n'kuyeza magudumu, anati amene anawongola apa amaidziwa ntchito. Amalume analoza kukhonde kumene makina osokera ankalira. Kenako anamvetsera kilachi, anakwinya nkhope, anaitsegula mosamala ataiphimba ndi chiguduli, anawerenga masipuling'i, anawerenganso. Amalume anatulutsa yotsala ija m'thumba la jekete n'kumupatsa. Bamboyo anayang'ana anthu amene anali pamzere.

"Kodi ndani anatsegula kilachi yatsopano?"

Ine ndinali kuseri kwa mtengo wa mango, ndikuyembekeza kuti mudzi ubisa mkamwini wake. Amayi onse, ana omwe, anayankha pamodzi ngati anachita kuphunzira, "A Fifite."

Dzina la Mbewe linathera pomwepo. Ana anga kusukulu ankatchedwa ana a Fifite, kalata ina inachita kufika kuchokera ku Joni italembedwa choncho pa envelopu ndipo sinasochere. Ndinalima mpunga zaka zonse zotsatira, ndipo ndinaulima bwino, funsani aliyense. Koma kuyambira tsiku limenelo chinthu chilichonse chozungulira ndimachipatsa moni ndili patali, wina akati injini yake ikuvuta ndimamuuza kuti pepani, Mulungu akuthandizeni. Ndipo ngakhale chaka cha njala, ngakhale mchere usowe m'nyumba, kabudula wam'kati ndimagula wa m'sitolo, ndisanalipire ndimayamba ndamutembenuza mbali zonse kuona ngati palibe cholembedwa.